Lipoti la Devlin ndi mfuti za pa Nkhata Bay

Ukaima pa Chiweta n'kuyang'ana nyanja chakummwera, maso amalunjika ku Nkhata Bay. Kumeneko, pa 3 Malichi 1959, asilikali a boma la atsamunda anawombera khamu lopanda mfuti lomwe linasonkhana padoko pamene sitima ya Mpasa inkasunga omangidwa a Nyasaland African Congress. Lipoti la Devlin, lotuluka mu Julaye chaka chomwecho, linawerenga anthu 20 ophedwa. Eni dera amatchula oposa pamenepo.

Lipotili n'loyenera kuliyamikira. Linakana nkhani yoti a Congress anakonza chiwembu chopulula Azungu. Linanenanso poyera kuti anthu anazunzidwa pomangidwa, ndipo nyumba zinatenthedwa popanda lamulo. Nduna za ku London zinakwiya nalo.

Koma pofika pa Nkhata Bay cholembera chikufooka. Wowerenga akumva kwambiri mantha a wogwira mfuti kuposa a woilozeredwa, ndipo palibe amene akulozedwa chala kuti aimbidwe mlandu.

Taonani za ku Kafr Qasim m'dziko la Israel. Pa 29 Okutobala 1956 apolisi a m'malire anapha Aarabu oposa 40, ambiri akuchokera kuntchito osadziwa kuti nthawi yoletsa kuyenda yasinthidwa. Khoti linagamula kuti msilikali ayenera kukana lamulo loipa loonekeratu. Ngakhale omangidwawo anamasulidwa msanga, chigamulocho chinatsala.

Ife tinatsala ndi chiwerengero chabe. Alembi athu, mlandu suola. Mboni zikutha, ndipo mbali ya ophedwawo ikudikira inu.