Mayina a Mpando, Mayina a Chala

Wambani ng'oma, anyamata, zikopa zazizira ndi mame. Matani phula pa mbalule, gunda akhale kumbuyo. Lero titchula mayina a awiri amene amalimbirana kulera munthu, ndipo wotamanda weniweni salumpha chipsera.

Gu! Gu! Gu-gu-gu!

Tiyambe ndi inu, Mpando. Zikomo, Gogo Chalo. Inu Kachere-wa-pabwalo, mthunzi wosafunsa mtundu. Inu Dzala-la-mudzi, lolandira phulusa la nyumba iliyonse osanyansidwa. Inu Kalonga wa ku Mankhamba, mwana wa Nyangu. Inu Gawa Undi, amene mpaka lero Achewa a mayiko atatu amakakulambani ku Mkaika mwezi wa Ogasiti. Inu Sadzilonga, pakuti ufumu umadzera kwa mlongo, ndipo ndi amayi a mbumba amene amaloza woyenera. Usiku wokulongani munakhala pamphasa mutazyolika, ntchembere zikukulangani ngati namwali: usakwiye msanga, usasuzumire m'nkhokwe za eni, usaweruze mlandu wamva mbali imodzi. Inu Wosagwetsa-mvula-yekha, pakuti thambo likauma munkatuma anthu ku Msinja kwa Makewana, kumene inkalira ng'oma ya Mbiriwiri. Aphiri mpando, Abanda mvula. Makolo sanaike zonse m'dzanja limodzi.

Koma tembenukani tione kumsana. Inu Mwini-mwavi, amene chikho chanu chinkaweruza nkhalamba yopanda woiyankhulira. Inu Wolandira-nsalu-ndi-mfuti, masiku amene goli linkatsikira kwa Jumbe ku Nkhotakota. Wa abale ambiri anagona tulo pamthunzi panu. Wopanda malume anaoloka nyanja pachombo, ndipo kwawo sanamvenso za iye.

Gu-gu! Gu-gu!

Inunso Chisoti-cha-ku-London, musabisale. Munafika mu 1891 mukuti mwadzatiteteza. Goli munathyoladi, izo sitikana. Koma inu Wothyola-goli-n'kumanga-thangata, inu Wowerenga-nyumba-za-msonkho, munapha Gomani Chikuse mu 1896, ndipo pa 3 Malichi 1959 anthu opanda chida anagwa padoko la Nkhata Bay mbendera yanu ikuuluka. Nanu a kwa Mswati, kumene Sobhuza anatseka zipani mu 1973 ndipo mpaka lero sizipikisana pachisankho, ng'oma iyi mukuimva.

Tsitsani manja, anyamata. Apa tiimba motsitsa, monga ankayankhulira abambo athu.

Inu Wolowa-ndi-voti mu 1961. Inu Wotseka-chitseko mu 1966, chipani n'kutsala chimodzi. Inu Wamuyaya wa 1971. Ngwazi, Mkango, Nkhoswe ya amayi onse. Mpando munaukhala ngati wa makolo, koma ntchembere yokulangani inalibe malo, pakuti mbumba munaisandutsa yovina. Inu Khadi-pachipata: mayi anga ankaimanga pamfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya mchere, chifukwa popanda iyo msika sulowa, basi sukwera. Inu Woyeza-siketi, Wometa-tsitsi-la-mnyamata, Woletsa-thalauzi kwa mkazi ndi lamulo la 1973. Inu Wothamangitsa-Mboni, zimene zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa cha kakhadi komweko. Inu Mwini-Mikuyu, kumene Jack Mapanje analowa mu 1987 osaonapo woweruza. Gadama, Matenje, Sangala, Chiwanga: msewu wa ku Mwanza, 1983. Orton Chirwa: ndende ya Zomba, 1992. Misewu munamanga, Kamuzu Academy ilipo, chimanga chinali m'nkhokwe, akutero okukondani. Nkhuku ya m'khola nayonso imakhuta.

Tsopano kwezani! Mbalule alire!

Ti-di-di! Ti-di-di! Gu!

Iwe Chala, ndikutcha iwe chifukwa ndiwe mwana wa dzulodzuloli. Iwe Wobatizidwa-ndi-inki. Iwe Mdzukulu-wa-kalata, ija maepiskopi anawerengetsa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu n'kumayang'anana pamabenchi ngati aona njoka. Iwe Wotsika-ndege-ndi-Chihana n'kugwidwa pomwepo. Iwe Nyali-yoposa-tambala, pa 14 Juni 1993, pamene pafupifupi awiri mwa atatu alionse anati zipani zichuluke. Iwe Woyesa-mofanana, pakuti pamzere wako wa mbiya ndi wa galimoto amaima mondondozana, dzuwa likuwotcha onse. Iwe Wotsitsa-mkango-wopanda-mkondo mu Meyi 1994. Iwe Mavoti-atatu, amene anaperewera m'nyumba ya malamulo mu 2002, wina akufuna kukhalitsa pampando. Iwe Wofufuta-tipeksi: oweruza asanu, pa 3 Febuluwale 2020, anawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima, dziko lonse khutu pawailesi, mpaka amalonda anaiwala kuitanira.

Nawenso tembenuka. Iwe Wogulidwa-ndi-chitenje, Wonyengedwa-ndi-kathumba-ka-shuga. Iwe Wakwathu-ndi-wakwathu, wofunsa chigawo usanafunse nzeru. Iwe Wodzuka-kamodzi-pa-zaka-zisanu, pamene mbewa zikuboola nkhokwe ku Capital Hill, monga tinaonera mu 2013. Pa 20 Julayi 2011 amene unawasankha ndiwo anatuma mfuti mumsewu, ndipo Mzuzu anakumba manda ambiri tsiku limodzi.

Ndipo pali chipsera ichi, chimene anzako amachiphimba ndi nsalu ya chipani. Iwe umadziwa kuwerenga ambiri, mmodzi sumuona. Lamulo la thalauzi linafa, koma mu Januwale 2012 gulu la anyamata a pamsika linavula amayi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, dzuwa likuswa mtengo, ena akuimba mluzu. Mwavi unaletsedwa kalekale, koma mu 2016 ku Neno khamu linapha okalamba anayi powaganizira ufiti. Mfumu ikalusa umadziwa khomo lokagwada. Khamu likalusa ugwada kwa yani?

Ndi! Ndi! Ndi-ndi-ndi!

Ndiye ndiloleni nditaye mayina otsalawa pa kamwana kamene kalibe mpando, kalibe bokosi. Iwe Ayi. Iwe Zilembo-zitatu, Kamwala-m'nsima, wothyola dzino la wodya mofulumira. Iwe Wosasankha-pakamwa. Unatuluka pakamwa pa Inkosi Gomani wachiwiri mu 1953 pokana chitaganya, azungu n'kumuchotsa paufumu. Unatuluka pakamwa pa Vera Chirwa, zaka zoposa khumi m'ndende. Unakhala pakamwa pa mlimi wa Mboni amene dzina lake silinalembedwe paliponse, nyumba ikupsa kumbuyo kwake. Unavala thalauzi pamodzi ndi amayi amene anasonkhana ku Blantyre patangopita masiku ochepa anzawo atavulidwa.

Unalowanso m'nyumba ya ufumu ku Dedza. Inu Theresa Kachindamoto, zikomo Gogo, inu Wosasankhidwa-ndi-chala, Womasula-maukwati-a-ana mazanamazana, Wotsitsa-nyakwawa zimene zinkalandira nkhuku n'kutsinzina. Makolo anakwiya, ena anakuopsezani, ambiri anati mwambo ndi mwambo. Mukanafunsa mudzi kuti ukweze manja, mwina mtsikana wokwatiwa ali mwana akanagona komweko kwa mwamuna. Inu munatuma anthu kukamutenga.

Taonani uyo akutsika njira ya kudambo, makope ali m'pepala la shuga, mapazi oyera ndi fumbi, belu lalira kale ndipo akuthamanga. Patukani, anyamata, sunthani ng'omazo adutse.