Kasiyamaliro wopanda maliro

Kuyambira 2005, pomwe UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu, zilombo zikuvina paliponse: pa misonkhano ya boma, pa zikondwerero, pamaso pa alendo. Ng'oma zikulira bwino, sitikana. Cotidandaulitsa ndi olengeza, omwe amangoti "cikhalidwe cathu" n'kuthera pomwepo, ngati akuopa abusa.

Kasiyamaliro si cidole ca makoko a cimanga cabe. Amatuluka kudambwe kudzaperekeza womwalira. Pa bona, mowa ukapsa, zilombo zimabweranso kudzakhazika mzimu wake pakati pa makolo, kuti usamangoyendayenda m'mudzi n'kumavutitsa amoyo kutulo. Inu a mpingo mutha kutsutsa cikhulupiriro cimeneci, koma ciyambe canenedwa poyera. Mwana wa ku Dómuè woonera lero akuyesa kasiyamaliro ndi nyama yongosangalatsa alendo.