Chakukhosi chimatulukira m'masewera

Ndatopa nawo mafilimu a anthu okondana amene amaganiza kuti kulowa mumtima mwa munthu n'kumuchulukitsira mawu. Mwamuna ndi mkazi akhala patebulo, vinyo wathiridwa, basi mmodzi ayamba kuwerengera mnzake zolakwa kuyambira chaka chimene anakumana. Wotsogolera filimu akaona kuti mawu sakukwana, amatibweza m'mbuyo zaka khumi, chithunzi chili mbuu, kuti tikaone tsiku limene bala linayamba. Olemba ndemanga nawo n'kumaombera m'manja, ati filimu yozama. Ine ndimaonapo ulesi. Munthu amene wasungira wokondedwa wake chakukhosi sachiyala mwadongosolo chonchi, ndipo kawirikawiri mwiniwakeyo sadziwa n'komwe kuti ali nacho. Chimatulukira pena, makamaka m'nthabwala ndi m'masewera.

Amene anagwira bwino mfundo imeneyi ndi Maren Ade wa ku Germany, m'filimu yake yachiwiri ya mu 2009, Alle anderen, kutanthauza "anthu ena onse". Pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin chaka chomwecho inalandira mphoto ya Silver Bear ya oweruza, ndipo Birgit Minichmayr analandiranso ina monga mkazi amene anasewera bwino koposa. Nkhani yake njochepa moti ena amadandaula kuti palibe chimene chikuchitika. Chris, yemwe akuseweredwa ndi Lars Eidinger, ndi mnyamata wojambula mapulani a nyumba, waluso koma ntchito siikumuyendera. Chibwenzi chake Gitti, yemwe akuseweredwa ndi Minichmayr, amagwira ntchito yotsatsa oimba pa kampani ya nyimbo. Ali patchuthi m'nyumba ya makolo a Chris pa chilumba cha Sardinia ku Italy. Chris wagonja pa mpikisano wa mapulani, koma wamubisira Gitti. Kenako akumana ndi Hans, mnzake wa ntchito yomweyo amene zake zikuyenda, ndi mkazi wake Sana, wokonza masitayilo a zovala, yemwe ndi woyembekezera. Nkhani yonse ndi imeneyi.

Koma taonani mmene awiriwa amasewerera. Chris watenga kachidutswa ka jinja, wakaika maso, wakapatsa dzina loti Schnappi, ndipo kakhala ngati munthu wachitatu m'chikondi chawo. Gitti akum'paka Chris zopaka kumaso za akazi, iye ali phee, kulola. Usiku wina Chris akuvinira Gitti nyimbo ya Julio Iglesias ndi Willie Nelson, mwamanyazi komanso monyada, thupi lake lalitalilo likupindika mosazolowera. Zimenezi si zokometsera chabe. Ade akutiphunzitsa chinenero cha anthu awiriwa, chimene wina aliyense sachimva, kuti chikadzayamba kuwonongeka tidzamve kupweteka popanda wotiuza. Ndimakonda kwambiri kuti masewerawa sasiyidwa aukhondo. Atangom'paka zopakazo, funso loti kodi Gitti amamuona ngati mwamuna weniweni layamba kale kumudya Chris. Kuseka ndi kukayika zalowera khomo limodzi.

Luso lalikulu lili pa dziwe losambira. Koyambirira kwa filimu, Gitti akulimbana ndi kamtsikana, mwana wa mlongo wake wa Chris, kamene sikamufuna. M'malo mokanyengerera, akukauza kuti kanene mokweza kuti kamadana naye. Mwanayo akumuwombera ndi chala, ndipo Gitti akudzigwetsa m'madzi ngati wafa. Wagwa mwa kufuna kwake, ndipo sewerolo ndi lake. Pafupi ndi mapeto, pa chakudya chamadzulo, Hans akunyamula Sana n'kumuponya m'dziwe, ati kucheza. Gitti akukana, akuchonderera, koma nayenso akuponyedwamo, Chris ali mbali ya Hans. Madzi ndi amtundu womwewo, thupi lomwelo, kugwa komweko, koma tsopano sewerolo ndi la amuna awiri, ndipo Chris wasankha kuti Hans amuone ngati mnzake ngakhale zitanthauze kuchititsa manyazi mkazi amene amam'konda. Ndi mawu angati amene akanafunika kuti afotokoze zimenezi? Ade sanagwiritse ntchito ngakhale amodzi. Anangobwereza chochitika chimodzi, n'kusintha mwini wake.

Pamenepa ndi pamene anthu ena aja akugwira ntchito. Hans ndi Sana si adani, ndipo sanabwere kudzalanda wina chibwenzi, monga mafilimu otchipa amachitira. Angobwera kudzakhala oonerera. Gitti atam'teteza Chris pamaso pa Hans, mokweza ndiponso moona mtima, Chris akumva ngati wavulidwa. Zimene ankazikonda mwa Gitti ali awiri, pakamwa posabisa mawu ndi kusaopa anthu, zasanduka zochititsa manyazi chifukwa pali wina akuyang'ana. Kukwera phiri kumene kukutsatira ndi chilango chopanda mawu: Chris akuponya miyendo patsogolo osacheuka, Gitti akuwefuka m'mbuyo padzuwa. Kenako Gitti akuyesa kukhala Sana, kuvala diresi, kuphika, kufewetsa mawu. Minichmayr amasewera gawo limeneli mondiwawa mtima, chifukwa umaona kuti ndi sewero linanso, koma loyamba limene Gitti sakusangalala nalo.

Ngakhale nyimbo m'filimuyi ndi zimene anthuwo akuzimva okha m'chipindamo. Palibe zeze wolizidwa kumbali kuti atiuze nthawi yolira, chizolowezi chimene ndimachiona ngati kunyoza oonera. Chris atalowetsa alendo m'chipinda cha mayi ake, chodzaza ndi tizidole ndi timbalame tagalasi, akuika nyimbo ya Herbert Grönemeyer kuti aseke nayo mayi akewo. Nyimboyo ikukana kusekedwa. Anthu anayi aima chilili, aliyense akusowa poyang'ana, ndipo kamera ya Bernhard Keller ikungodikira osathamangira kudula. Kudikira kumeneku n'kumene ambiri amalephera.

Ena amati pamene Gitti akutenga mpeni kukhitchini n'kuuza Sana kuti akauze mwamuna wake kuti azipita, filimu yalumpha malire. Sindivomereza. Mkazi amene masewera ake onse alandidwa watsala ndi chiyani choti anthu amumvere nacho? Ndipo ngakhale pamenepo sitikudziwa bwinobwino ngati akuseka kapena ayi. Chimodzimodzi kumapeto, atanena kuti sakum'kondanso Chris, akugwa pansi n'kukhala ngati wafa kwa nthawi yaitali moti woonera amayamba kuda nkhawa. Chris ayenera kusankha: alowe m'sewerolo kapena alikane. Amene amatuluka akufunsa ngati awiriwa anakhalabe limodzi andikhumudwitsa, chifukwa afunsa za mawa pamene filimu yawapatsa zonse za lero.

Ade sanayambe yekha njira imeneyi. Mu 1976 Rainer Werner Fassbinder anapanga Chinesisches Roulette, m'mene mwamuna ndi mkazi wake, aliyense ndi chibwenzi chake chamseri, akupezana mwadzidzidzi m'nyumba yawo yakumudzi. Wakonza msamphawo ndi mwana wawo wolumala miyendo, Angela, amene amakhulupirira kuti makolo ake anayamba zibwenzizo chifukwa cha matenda ake. Iye akuwakakamiza kuchita sewero la mafunso ongoyerekeza, mpaka mayi ake akufanizidwa ndi mkulu wa msasa wachibalo wa Bergen-Belsen, ndipo mfuti ikulira. Kamera ya Michael Ballhaus imazungulira anthuwo kudzera m'magalasi mochititsa kaso, ndipo ndimailemekeza. Koma kwa Fassbinder aliyense akudziwa kuti sewerolo ndi chida chobayira. Kwa Ade osewerawo amakhulupirirabe kuti akungocheza, ndipo n'chifukwa chake zimandilowa kwambiri.

Mu 2016 Ade anabweranso ndi Toni Erdmann, ya bambo wovala mano oikirira ndi wigi pofuna kuyandikira mwana wake wamkazi. Inatchuka padziko lonse mpaka kupikisana nawo pa mphoto za Oscar, ndipo ambiri anaitcha filimu yoseketsa. Njira ndi yomweyo, koma kumeneko sewero limakonza zinthu pang'ono pakati pa bambo ndi mwana. Ine ndimabwererabe ku Sardinia, kumene Ade analimba mtima kuonetsa sewero likuwononga anthu amene analiyambitsa.