Za Dzina Lija la "Kapirikoni"

Mabuku a mbiri amene ana athu aphunzira m'sukulu afotokoza bwino ndithu za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland: kuti chinayamba m'chaka cha 1953, eni dziko osachifuna, nichitha pa 31 December 1963. Koma tiri nao mlandu umodzi mabukuwo. Pofika tsiku limenelo atseka nkhani, monga ngati anthu akuda amene anavomera Chitaganya anaikidwa nacho m'manda amodzi. Sanaikidwe ai. Anakhalabe pakati pathu, natunga nafe pa chitsime chimodzi.

Sitiwayesa olungama. Charles Matinga, amene anakhalapo mtsogoleri wa Kongeresi, anatembenuka nachivomera Chitaganya, ndipo a mbali yake analalikira za misewu, zipatala ndi ndalama za ku Salisbury. Koma munthu wa kuno ku Mulanje, wokhala pa malo a mzungu wa tiyi, wogwira thangata kuti asachotsedwe pa munda wake, funso lake linali la nthaka, ndipo pa funso ilo iwo analibe mau. Chipolowe cha 1953, choyambira ku Thyolo, chinaphetsa anthu 11. Potero pa chisankho cha 1961 chipani cha United Federal Party chinapata mipando 5 yokha mwa 28, yonseyo ya pa kaundula wa anthu achuma.

Tsono chimene mabuku sanena ndi ichi. Dzina la "kapirikoni", lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society la David Stirling, silinafe ndi Chitaganya. Linasanduka chibonga chopandira yense wotsutsa. Ndipo dzanja litazolowera kupanda, silinafunsenso kuti wopandidwayo ndani. A Mboni za Yehova sanatsate chipani chiri chonse, komatu pokana kugula khadi anatenthedwa nyumba, mpingo wao nuletsedwa m'chaka cha 1967, ambiri nakakhala zaka m'misasa ya ku Milange, tsidya lija la Muloza. Pa chiphunzitso tisiyana nao kutali, koma anali anansi athu.

Kodi panalibe njira ina? Tayang'anani ku Northern Ireland, kumene kuli Apresbateria anzathu ambiri. Kumeneko ofuna kukhalabe mu umodzi ndi Britain ndi ofuna kuphatikana ndi Ireland anadana, mwazi nukhetsedwa zaka ngati 30, nafa anthu oposa 3,500. Pangano la ku Belfast la 1998 silinalamule mbali imodzi kutaya dzina lake. Linalola munthu kudziyesa wa Britain, kapena wa Ireland, kapena wa konse kuwiri, niliika mbali zonse m'boma limodzi.

Tidziwa kuti milandu iwiriyi silingana konse: a umodzi a kumeneko ndi khamu lalikulu lobadwira pomwepo, pamene athu anali owerengeka, otsamira mphamvu ya alendo. Koma funso limene linagwetsa United Federal Party lawapeza iwonso. Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti a m'mabanja a Chikatolika achuluka kuposa a Chiprotestanti, ndipo m'chaka cha 2024 Michelle O'Neill wa Sinn Féin anakhala Nduna Yoyamba. Umodzi wao sudzachirikizidwanso ndi kuchuluka kwao, koma ndi mavoti a anansi amene makolo ao anawaopa. Akalephera kuwakopa, mpando wao m'bwalo udzatsalabe, pakuti panganolo linausunga. Athu aja a 1963 palibe anawasungira mpando.