Kodi Nthondo Anapitiranji ku Halale?

Ndawerenganso Nthondo, buku la Samuel Ntara la 1933, ndipo funso landikanirira: mnyamatayu anachokeranji kwawo? Kwa Ntara, ulendo wa ku Halale ndi njira ya mwana wolowerera, ndipo phindu lake lenileni n'kubwerera kumudzi ndi kutembenuka mtima. Alembi ambiri aponda momwemo: woyenda amangokhala chenjezo basi.

Koma tafunsani kwa Mwase ku Kasungu. Kamuzu ananyamuka kuderali wapansi cha m'ma 1915, nakafika ku Joni, kudzabwerera 1958. Pambuyo pake, ena akuthamangira kumigodi, matenanti a ku Mulanje ndi ku Thyolo anali kukhamukira m'maesiteti a fodya a konkuno. Dera lomwelo, wina akulithawa, wina akulilota!

Msonkho ndi umphawi zinalipo, inde. Komatu panalinso njala ina: kufuna kukaima pawekha kumene amalume sakukuona, n'kubwera ndi njinga, jekete ndi nkhani zotontholetsa bwalo lonse. Njala imeneyi mabuku athu amaichitira manyazi.

Paja timati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nanga alembi inu, mudzatiuza liti chimene chimamudzutsa mlendoyo m'mamawa kwawo?