Imfa ya Edith Keeler

Pa 6 Epulo 1967 anthu a ku America anaonerera pa wailesi ya kanema sewero lina la m'gulu la masewero otchedwa Star Trek. Dzina lake ndi The City on the Edge of Forever, ndipo amene anayamba kulilemba ndiye Harlan Ellison. Nkhani yake njopeka, koma funso limene ifunsa nlolemera: munthu atapatsidwa mphamvu yobwerera ku zaka zimene zinapita, kodi ayenera kukonza choipa chimene chinachitika kale?

Nkhaniyo iyenda motere. Anthu a m'tsogolo ali paulendo m'chombo chouluka pakati pa nyenyezi, dzina lake Enterprise. Dokotala wawo, McCoy, adzibaya mankhwala mwangozi nazungulira mutu. Ali chipengere chotero adumphira pa chipata chodabwitsa chimene chimabweza munthu ku nthawi zakale, nakagwera mumzinda wa New York m'chaka cha 1930. Pomwepo chombo chija chizimiririka ngati sichinapangidwe nkomwe, pakuti McCoy wasintha kanthu kena m'mbiri ya dziko. Tsono Kaputeni Kirk ndi mnzake Spock amtsatira kuti akakonze chimene waononga.

Kumeneko apeza mkazi wokoma mtima, Edith Keeler, amene adyetsa amphawi pa nthawi imene ntchito zinali zitasowa. Kirk amkonda mkaziyo. Koma Spock atulukira kuti moyo wa Edith uli ndi njira ziwiri. Pa njira yoyamba, iye afa pogundidwa ndi galimoto chaka chomwecho, ndipo dziko liyenda monga linayendera. Pa njira yachiwiri, McCoy ampulumutsa. Iye akhala mtsogoleri wa anthu okana nkhondo, America achedwa kulowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo Germany wa Hitler ayamba ndiye kupanga bomba la atomu nagonjetsa mitundu yonse. Pomaliza Edith aoloka msewu, galimoto likubwera. McCoy afuna kumthamangira, koma Kirk amgwira, ndipo mkaziyo afa iwo akuona.

Mphamvu ya seweroli ili pamenepa. M'nthano zambiri amene afa ndi woipa, ndipo omvera apita kukagona mitima ili mbee. Muno mulibe woipa woti aphedwe. Wofayo ndi munthu wabwino koposa onse, ndipo womleka kuti afe ndiye amene amkonda. Akulu anati madzi akatayika sawoleka. Mlembi anaupsa mtima mwambi umenewu naupitirira: iye aonetsa kuti ngakhale madziwo atawoleka, mtengo wake ungathe kukhala mitembo yosawerengeka. Joan Collins anasewera Edith mofatsa ndi mwachimwemwe, kotero kuti woonerera amzolowera ngati mnansi, ndipo imfa yake ipweteka zenizeni.

Komabe wowerenga wanzeru asatengeke ndi misozi yokha, pakuti seweroli lili ndi zilema ziwiri. Choyamba, Edith safunsidwa kanthu. Amuna adziwa za imfa yake, nagamula mlandu wake kuseri, mwini moyo osamva. Akadauzidwa nasankha yekha, nkhaniyo ikadakhala yowawa kopambana ndiponso yachilungamo. Chachiwiri, mlembi anakonza zinthu mwakuti wokonda mtendere ndiye abweretsa tsoka. M'chaka cha 1967 asilikali a ku America anali kumenya nkhondo ku Vietnam, ndipo anthu ambiri kwawo anali kuguba m'misewu kupempha kuti nkhondoyo ithe. Pa nthawi yotere, nthano yonena kuti mawu a mtendere achedwetsa chipulumutso si nthano wamba. Spock adziwa za mawa popanda chikaiko chifukwa mlembi anamuonetsa. Munthu wamoyo alibe mwayi wotero, ndipo amene anena kuti mnzake ayenera kufa kuti mawa kukome, alankhula zimene sanazione.

Seweroli linalandira mphotho ya Hugo m'chaka cha 1968, ndipo linayeneradi. Kirk abwerera ku chombo chake, dziko lapulumuka, koma pankhope pake palibe chimwemwe cha wopambana. Pamenepo mlembi ananena zoona: ngakhale chinthu choyenera, chikagulidwa ndi moyo wa wosalakwa, sichivinidwa.