Mdima wochita kusankha: luso la film noir ndi mafilimu athu

Mafilimu ambiri opangidwa kuno kwathu amaopa mdima. Chipinda amachiwalitsa mpaka ngodya iliyonse ioneke, nkhope ya wakuba ndi ya m'busa zimalandira kuwala kofanana, ndipo timadziwa kuti ndi usiku pokhapokha wina akanena kuti kwada. Ojambula amachita izi ndi mtima wabwino, pofuna kuti woonera asaphonye kanthu. Koma ulipo mtundu wa mafilimu umene unakula pa nzeru yosiyana ndi imeneyi, ndipo ine ndikuona kuti ungatiphunzitse zambiri kuposa mafilimu a nkhondo ndi a zibakera amene amadzaza mavidiyo sho a pa Mitundu ndi pa Nathenje. Dzina lakuti film noir analitchukitsa ndi Nino Frank, mlembi wa ku France, mu 1946, ataonera mafilimu a ku America amene nkhondo inawatsekereza kufika ku Paris, monga The Maltese Falcon ya John Huston ya mu 1941 ndi Double Indemnity ya Billy Wilder ya mu 1944. Luso lawo lagona poti wojambula amasankha chimene woonera sayenera kuona, ndipo chobisikacho ndicho chimanyamula nkhani.

Double Indemnity imayamba usiku. Walter Neff, wogulitsa inshuwalansi, akulowa mu ofesi yopanda anthu, magazi akutuluka paphewa, nakhala pansi n'kuyamba kuulula mlandu wake m'makina ojambula mawu. Mphindi zochepa chabe tadziwa kale amene anapha ndi chimene anaphera. Wolemba wosazama akanasunga chinsinsi chimenechi mpaka kumapeto, koma Wilder anachitaya dala, chifukwa funso lake ndi lina: zimatheka bwanji kuti munthu wamba, wa ntchito yabwino ndi mbiri yabwino, afike pamenepa? Tikabwerera m'mbuyo kukaona tsiku limene Neff analowa koyamba m'nyumba ya Phyllis Dietrichson, kunja kuli dzuwa lowala, koma pabalaza pali mdima. Kuwala kukulowa m'mipata ya zotchinga pazenera, kukulemba mizere pakhoma ndi pathupi lake ngati zitsulo za ndende, ndipo fumbi likuoneka likuyandama m'mizeremo. Palibe amene wanena mawu oopsa, palibe mfuti, koma wojambula John F. Seitz watiuza kale kuti munthuyu walowa m'malo amene sadzatulukamo.

Luso limeneli silinabadwire m'chuma chokha. Mafilimu ambiri a mtunduwu anali otsika mtengo, monga Detour ya Edgar G. Ulmer ya mu 1945, ndipo John Alton, amene anajambula T-Men mu 1947 n'kulemba buku la Painting with Light mu 1949, ankadziwika ndi kugwiritsa ntchito nyale zochepa kwambiri. Mdima unkabisa khoma losamalizidwa ndi chipinda chopanda mipando. Mnyamata wa pa Nathenje amene ali ndi kamera imodzi ali nazo kale nyale zoterezi: koloboyi, tochi ya foni, nyale ya njinga yamoto ya kabaza, moto wa pansi pa chiwaya umene umawalitsa chibwano ndi mphuno ya munthu n'kusiya maso ake m'mdima. Ena anganene kuti chithunzi chakuda sichioneka pa kanema wamng'ono wa mu vidiyo sho kapena pa foni, ndipo akunena zoona ngati mdimawo ndi wa umphawi wa nyale. Koma mdima wa Alton umakhala ndi malo amodzi owala kwambiri, kaya ndi dzanja, khomo kapena theka la nkhope, ndipo diso limathamangira pomwepo. Chithunzi chotere chimaoneka bwino pa kanema wamng'ono kuposa chimene chadzaza zinthu makumi awiri zowala mofanana.

Chotsutsa china ndi chakuti izi ndi nkhani za azungu a zipewa m'mizinda ikuluikulu, zosakhudza mlimi wa fodya. Apa ndi pamene ndikukana ndi mtima wonse. The Third Man ya Carol Reed, ya mu 1949, ikunena za Harry Lime amene amaba penisilini m'zipatala za ku Vienna, kumusungunula ndi kumugulitsa, ana n'kumafa kapena kupunduka. Kodi Mmalawi amene anauzidwapo kuti mankhwala atha kuchipatala, n'kukawapeza pamsika, angaione ngati nkhani yachilendo? Chinatown ya Roman Polanski, ya mu 1974, inajambulidwa ndi mitundu yonse, mbali yaikulu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mlandu wake ndi wa madzi ndi minda: alimi akuumitsidwa kuti agulitse malo motchipa. Funso lakuti madzi ndi a yani, ndiponso kuti wosamutsidwa alandira chiyani, limamveka msanga kwa anthu a m'mbali mwa Diamphwe, kumene pulani ya damu lopereka madzi ku mzinda wa Lilongwe yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. Djo Munga wa ku Congo anaonetsa mu Viva Riva! ya mu 2010 kuti kusowa kwa petulo ku Kinshasa n'kokwanira kupanga filimu yotere. Ife tili ndi matumba a makala a ku Dzalanyama oyenda panjinga usiku, tili ndi katapila amene amadikira mlimi pobwera ku okushoni, tili ndi Cashgate ya mu 2013.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha makhalidwe. Oonera athu anazolowera filimu yothera m'kulapa, mfumu kapena m'busa atapereka malangizo, ndipo amafunsa kuti nkhani yopanda phunziro ndi ya chiyani. Phunziro lilimo, kungoti silichita kulalikidwa. Mu Double Indemnity yonse Neff ndi amene amayatsira machesi mnzake wa kuntchito Barton Keyes, munthu amene amamukonda ngati mwana wake. Kumapeto, Neff atagwa pakhomo mphamvu zitamuthera, Keyes ndiye akumuyatsira ndudu. Kachitidwe kakang'ono kameneka kakuonetsa kukula kwa chimene munthuyu wataya kuposa ulaliki uliwonse. Mu Chinatown wolemera woipayo ndi amene akupambana, ndipo woonera amatuluka ali ndi mkwiyo umene filimu yothera m'pemphero ikanauziziritsa. Pamene otsutsa ali ndi mfundo ndi pa nkhani ya akazi. Mafilimu akalewa amakonda kuika chiyambi cha tsoka mwa mkazi wokongola wonyenga, ndipo ife, amene timafulumira kale kuloza mkazi chala, sitikusowa wotiphunzitsa zimenezo. Shemu Joyah anasonyeza njira ina mu The Road to Sunrise ya mu 2017, pamene usiku wa ku Blantyre tikuuonera m'maso mwa akazi oyendayenda, ndipo choopsa ndi mwamuna wa ndalama. Filimuyo si noir yeniyeni, chifukwa imalowera ku chiyembekezo, koma inatsimikiza kuti mtunduwu tingautenge osatenga ndi chidani chake pa akazi.

Chotsala ndi chakuti anthu awaone mafilimuwa. Oonera a m'mavidiyo sho anazolowera kale mawu a DJ wotanthauzira m'Chichewa akuyenda pamwamba pa zithunzi, choncho mawu a Neff ofotokoza kugwa kwake sangawadabwitse. Inu otanthauzira, yesani kutenga imodzi mwa mafilimu amenewa, koma musalankhule pamene chithunzi chikulankhula chokha, ndipo musatchule woipa woonera asanamuzindikire. Yambani ndi Detour: imangopitirira pang'ono ola limodzi, ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti.